Ndimathira mankhwala m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba: kodi ndi amene akudwalitsa mwana wanga?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Salima amene amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba yake. Walemba motere: "Ndimaweta mabroila 200 pa ulendo umodzi, ndipo ndimagulitsa pa Kamuzu Road ndi kwa eni malo ogona alendo ku Senga Bay. Anapiye akangofika ndimawathirira mankhwala aufa achikasu aja m'madzi, chifukwa mnzanga amene anandiphunzitsa ulimiwu anati ukapanda kutero amatha onse. Zikayamba kuodzera, nthawi zina ndimatsegula makapisozi athu omwewa. Mwezi watha mwana wanga wa zaka zitatu anatsekula m'mimba, ndinamugulira Bactrim koma sanasinthe mpaka tinakagonekedwa. Namwino atamva kuti ndimaweta nkhuku anati mwina mankhwala a nkhukuwo akuthandizira vutoli. Ndi zoona? Ndisiye kuthira, nkhuku zife?"

Mayi, pepani ndi matenda a mwana, ndipo mwachita bwino kufunsa. Safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi mwanayo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi pamene mtima wanu uli. Musadziweruze. Kutsekula m'mimba kwa ana aang'ono nthawi zambiri kumayamba ndi mavayirasi, ndipo vayirasi samva Bactrim ngakhale mwana atamwa botolo lonse. N'chifukwa chake kuyambira mu 2012 ana a m'dziko muno amalandira katemera wa rota kusikelo, ndipo n'chifukwa chake achipatala amalimbikira Thanzi ndi mapiritsi a zinki m'malo mothamangira maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya monga Bactrim. Choncho kusasintha kwa mwana atamwa Bactrim, pakokha, sikutanthauza kuti nkhuku zanu ndi zimene zalakwa. Koma namwino uja sanalankhule zopanda mutu. Njira yochokera m'khola kukafika m'mimba mwa mwana ilipo, ndi yaifupi, ndipo anthu a sayansi anaiyeza kalekale.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za mankhwala otsalira mu nyama. Amaopa kuti akadya nkhuku yomwa mankhwala, mankhwalawo alowa m'thupi mwawo. Vuto limenelo lilipodi ndipo ndifikapo. Koma limene limandisowetsa tulo ine ndi lina. Khola limene nkhuku zimamwa maantibayotiki tsiku ndi tsiku limasanduka sukulu ya tizilombo, ndipo tizilombo timene tatsiriza sukuluyo sitikhala m'kholamo.

M'matumbo mwa nkhuku iliyonse, ngakhale yathanzi, muli mabakiteriya mamiliyoni osawerengeka. Mukathira ufa wachikasu uja, umene kawirikawiri umakhala oxytetracycline, mabakiteriya ofooka amafa. Ochepa amene mwachibadwa ali ndi njira yozembera mankhwalawo amatsala, ndipo poti anzawo opikisana nawo chakudya afa, amaswana momasuka. Bakiteriya ngati E. coli, akapeza malo abwino, amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zokha. Taganizani zimene zimachitika m'masabata asanu ndi limodzi amene broila amakhala m'khola. N'chimodzimodzi munda umene mwazula udzu wofewa wokhawokha n'kusiya nsenjere: chaka chamawa mupeza nsenjere zokhazokha. Ndipo mlingo wochepa, wa kasupuni kamodzi mu ndowa yaikulu "kungoti zitetezeke", ndi umene umaphunzitsa bwino kwambiri, chifukwa umavutitsa tizilombo osatimaliza. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza za chinthu chomwechi polandira mphotho ya Nobel mu 1945: kuti munthu womwa mlingo woperewera amaphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala.

Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amapatsirana nzeru imeneyi. Bakiteriya wosavulaza wa m'zitosi za nkhuku amatha kupereka kachidutswa ka chibadwa chake kwa bakiteriya wina wa mtundu wosiyana, amene amadwalitsa munthu. Ndipo kachidutswa kamodzi kamatha kunyamula njira zozembera mankhwala angapo nthawi imodzi. Inu mwathira mankhwala amodzi, koma mwalera kachilombo kosamva atatu kapena anayi.

Ku America, wasayansi wina dzina lake Stuart Levy anayesa zimenezi pa famu ya banja lina, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1976. Nkhuku zina anazipatsa chakudya chosakaniza ndi oxytetracycline, yemweyu wa m'paketi yanuyo. Pasanathe masiku ambiri, matumbo a nkhukuzo anadzaza ndi mabakiteriya osamva mankhwalawo. Patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mabakiteriya osamva mankhwala anachuluka m'chimbudzi cha anthu a pa banjalo kuposa cha anansi awo, chonsecho anthuwo sanamwe mankhwala aliwonse. Ankangosamalira nkhuku. Ndikawerenga kafukufuku ameneyu ndimaona makomo ambiri amene ndayendamo: khola lili mamita asanu kuchokera pa khitchini, mayi akutuluka m'khola ndi patapata yemweyo n'kulowa m'nyumba, kamwana kakukwawa pabwalo n'kuika dzanja m'kamwa, beseni lotsukira zomwera nkhuku ndi lomwelo lotsukira mbale. Palibe amene akuchita dala. Malo ndi ochepa, madzi ndi otunga, ntchito ndi yambiri.

Tsono njira sithera pakhomo panu. Zitosi zija mumagulitsa kapena kupatsa anthu a madimba, ndipo ndi manyowa abwinodi. Koma gawo lalikulu la mankhwala amene nkhuku yamwa limatuluka m'zitosi, pamodzi ndi mabakiteriya aja. Zikathiridwa zosawola pa bedi la mpiru, repu kapena tomato, zimabwerera pa mbale ya munthu. Mvula ikagwa zimatsetserekera m'zitsime zosatetezedwa, m'mitsinje ngati Linthipe, mpaka kunyanja kumene anthu amasamba, kuchapa ndi kutunga madzi. Pophera nkhuku napo, matumbo akaboola, zam'kati zimapaka nyama, mpeni ndi thabwa, ndipo mpeni womwewo umadula anyezi wa saladi amene sapita pamoto.

Mwina mukuti, nanga mabakiteriya osamva mankhwala akalowa mwa munthu, amadwala pompo? Nthawi zambiri ayi. Amangokhala m'matumbo phee, miyezi ngakhale zaka. Tsiku la tsoka limadza pamene alowa malo olakwika: m'chikhodzodzo, pa bala la opareshoni ya mayi wobereka, m'magazi a khanda lobadwa masiku osakwana, mwa munthu amene chitetezo chake chatsika. Pamenepo dokotala amabaya jakisoni amene kale ankagwira ntchito, thupi osazizira. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza anasanthula magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mu 2003, pa mabakiteriya 100 a E. coli opezeka m'magazi, amene sankamva mankhwala a gulu la ceftriaxone sankakwana ndi mmodzi yemwe. Pofika 2016 anali pafupifupi 30. Kwa bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella, chiwerengero chinachoka pa 12 kufika pa 90. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu za maboma zimadalira munthu akadwala kwambiri. Akakanika, mankhwala otsatira ndi odula ndipo sapezeka wamba. Pa dziko lonse, kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo dera limene linakhudzidwa koposa, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ndi Africa ya kum'mwera kwa Sahara.

Ndisakunamizeni kuti zonsezi zachokera ku nkhuku. Gawo lalikulu ndi la ife anthu: kugula makapisozi pa okala popanda kuyezedwa, kumwa masiku awiri n'kusiya, zimbudzi zoperewera, madzi osatetezeka. Koma khola ndi chitsime chimodzi mwa zitsime zothira mu mtsinje womwewo, ndipo ndi chitsime chimene inu muli ndi mphamvu yochitseka.

Makapisozi a anthu amene mumatsegulira nkhuku, chonde lekani lero lomwe. Pa zonse zimene mwalemba, apa ndi pamene ndikulankhula mosanyengerera. Amoxicillin, doxycycline, Bactrim ndi cipro ndi zida zimene mwana wanu adzafune. Bactrim yemweyo ndi amene abale athu ambiri amene ali ndi HIV amamwa tsiku lililonse kuti atetezeke ku matenda ena. Chloramphenicol ndiye analetsedwa m'maiko ambiri pa ziweto zodyedwa, chifukwa mwa anthu ena amatha kuononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, ndipo palibe mlingo wotsalira mu nyama umene unavomerezedwa kuti ndi wabwino. Ngakhale mankhwala ogulidwa ku sitolo ya zaulimi, ambiri ndi pachibale ndi a anthu. Enrofloxacin, amene alimi ambiri amamukonda nkhuku zikamalira kukhosi, ndi mbale wake wa cipro, ndipo m'thupi la chiweto gawo lina limasanduka cipro weniweni. America inaletsa mankhwalawa pa nkhuku mu 2005 itaona kuti Campylobacter, bakiteriya wotsekula m'mimba wochokera ku nyama ya nkhuku, wayamba kusamva cipro mwa anthu. Palinso colistin, amene amapezeka m'mapaketi ena osakaniza a nkhuku. Kwa anthu, ameneyu ndi mankhwala a pamapeto, operekedwa ena onse akalephera. Mu 2015 ofufuza ku China analengeza kuti apeza kachidutswa ka chibadwa kotchedwa mcr-1, kolepheretsa colistin, m'ziweto, mu nyama ya pamsika ndi mwa odwala, ndipo posakhalitsa kanapezeka m'maiko ambiri. Muziwerenga paketi. Ngakhale yolembedwa kuti ndi mavitamini a anapiye, yang'anani timalemba tating'ono, chifukwa ina imakhala ndi antibayotiki m'kati.

Tibwere ku mankhwala otsalira mu nyama ndi mazira. Pa paketi iliyonse yovomerezeka pamalembedwa mawu akuti withdrawal period, kutanthauza masiku amene ayenera kudutsa kuchokera pamene nkhuku yamwa komaliza kufika pamene ingaphedwe. Masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala, ndipo ena saloledwa n'komwe pa nkhuku zoikira mazira odyedwa. Chiyeso chimabwera apa: nkhuku zili ndi masabata asanu, zayamba kufa ziwiriziwiri, mwathira mankhwala, ndipo maganizo akuti ndigulitse msanga ndisanaluze. Ndikumvetsa, ndalama ya chakudya munachita kukongola ku banki m'khonde. Koma nkhuku yogulitsidwa chotero ndi chikomekome cha mkuyu. Moto umapha mabakiteriya nyama ikapsa mpaka pafupa, koma sumaliza mankhwala onse otsalira. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi penisilini kapena mankhwala a gulu la Bactrim, ndipo wogula sangadziwe poyang'ana. Amadalira chilungamo chanu basi.

Tsopano funso lanu lenileni: ndikasiya, nkhuku sizifa?

Mnzanu uja anakuphunzitsani zimene naye anaphunzitsidwa, ndipo mantha ake ndi omveka. Koma taonani zimene zimapha nkhuku kwathu kuno. Chitopa, chimene chimasesa midzi nyengo yotentha ikamayamba, ndi vayirasi. Gumboro ndi vayirasi. Nthomba ya nkhuku ndi vayirasi. Antibayotiki sachita kanthu pa onsewa, ndipo ndalama yogulira ufa wachikasu pa chitopa ndi yotaya m'madzi. Chimene chimateteza ndi katemera, woperekedwa pa masiku amene oswetsa anapiye anakuuzani, wosungidwa pozizira kuchokera kusitolo mpaka kukhola. Kutentha kwa ku Salima kumapha katemera mu thumba la pa kabaza musanafike kunyumba, choncho muzinyamula mu fulasiki ya madzi oundana, ndipo mukasungunula mugwiritse ntchito mwamsanga, m'madzi opanda klorini. Ngati pakhomo palinso nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe zoyendayenda, nazonso zilandire katatu pa chaka katemera wa I-2, wodonthezera m'diso uja, amene amapangidwa ku labotale ya boma ya ziweto ku Lilongwe. Nkhuku zoyendayenda ndi zimene nthawi zambiri zimabweretsa chitopa pa khomo la khola. Zitosi za magazi pa anapiye a masabata atatu kapena anayi kawirikawiri ndi koksidiyosisi, amene si bakiteriya, ndipo ali ndi mankhwala akeake monga amprolium. Gwero lake ndi pogona ponyowa.

Nanga anapiye ofa sabata yoyamba? Ambiri amafa ndi kuzizidwa, kutenthedwa, ludzu la paulendo, utsi wa mbaula m'chipinda chotsekeka, kapena anachokera kooswetsa ali ofooka kale. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, kumatsika pang'onopang'ono sabata iliyonse. Simufunikira chida choyezera: akaunjikana pa mbaula akuzizidwa, akathawira m'mbali atayasamula milomo atenthedwa, akabalalika n'kumadya ali bwino. Mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba usiku, tsekani mbali yochokera mphepo. Mu Okutobala ndi Novembala mdani ndi dzuwa. Broila wa masabata asanu alibe thukuta, amangopuma wefuwefu pansi pa malata, ndipo amagwa masana dzuwa lili paliwombo. Ndinaitanidwapo pa khomo lina kufupi ndi nyanja kumene nkhuku zinkafa tsiku lililonse cha m'ma 2 koloko masana. Mwini wake anali atasintha mankhwala katatu. Titang'amba zakufazo sitinapeze chizindikiro cha matenda. Tinayala udzu pamwamba pa malata, tinagumula njerwa za m'mbali n'kuika waya, tinachepetsa nkhuku m'chipindamo, tinaonjezera zomwera, ndipo imfa zinaleka. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana mapaketi opanda kanthu amene anaunjika pakona. Zinandikhudza, chifukwa ndalama imeneyo ikanalipira fizi.

Kumalo otentha ngati kwanuko musapitirire nkhuku 8 mpaka 10 pa sikweya mita imodzi. Nkhuku 200 zikufuna chipinda cha mamita 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, kapena chokulirapo. Pansi yalani mankhusu a mpunga, amene kwanuko savuta kupeza ku zigayo chifukwa cha mpunga wa ku Lifuwu ndi madambo ena, ndipo pamene panyowa chotsani tsiku lomwelo. Mukalowa m'khola maso n'kuyamba kuwawa ndi fungo, dziwani kuti mapapo a nkhuku akupsa kale, ndipo chifuwa chimene chitsatire si cha kusowa mankhwala. Madzi akhale oti inunso mungamwe. Mukagulitsa zonse, chotsani pogona ponse, tsukani, thirani mankhwala ophera tizilombo, ndipo khola ligone lopanda kanthu masabata awiri. Ogula asalowe m'khola kukasankha okha, chifukwa nsapato zawo zadutsa m'makola ena m'mawa womwewo.

Kuthira maantibayotiki mwa nkhuku zosadwala si mwambo wa makolo, ndipo si lamulo la ulimi. Kunayamba ku America cha m'ma 1950, ofufuza ataona kuti anapiye odya zotsalira za kufakitale ya mankhwala akukula msanga. Maiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 2006. Alimi a ku Netherlands anachepetsa mankhwalawa ndi theka m'zaka zochepa kuchokera mu 2009, ndipo ulimi wawo wa nkhuku sunagwe. Mu 2017 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linalangiza maiko onse kuti aleke kupatsa ziweto zathanzi maantibayotiki ofunika kwa anthu, kaya pofuna kuzikulitsa kaya pongoteteza, ndipo chaka chomwecho ndi pamene inayambira ndondomeko ya dziko lathu yolimbana ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Mwina munganene kuti azungu ali ndi makola amakono. N'zoona. Koma chimene chinalowa m'malo mwa mankhwala kumeneko ndi ukhondo, katemera, mpweya ndi malo okwanira, ndipo zimenezi zimatheka ndi njerwa, waya ndi udzu.

Sindikunena kuti nkhuku yodwala isalandire chithandizo. Matenda a mabakiteriya alipo, ndipo kusiya chiweto chikuvutika si chifundo. Zikayamba kudwala, patulani zodwalazo, ndipo itanani alangizi a ziweto a dera lanu kapena pitani ku ofesi ya zaulimi ndi nkhuku imodzi kapena ziwiri zongofa kumene, zitakulungidwa bwino mu pulasitiki. Kung'amba nkhuku kumaulula zambiri pa mphindi zochepa. Akanena kuti ndi bakiteriya, gulani mankhwala a ziweto mu sitolo yovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA, osati ufa wopimidwa m'timapepala pamsika. Perekani mlingo wonse wolembedwa, masiku onse olembedwa, osachepetsa pofuna kusunga, osasiya zikangoyamba kudya. Kenaka lembani pa khoma la khola ndi khala tsiku limene zamwa komaliza ndi tsiku limene zingagulitsidwe. Zofa ndi matenda zikwirireni mozama kapena zitentheni. Zisadyedwe, zisapite pa chiwaya, zisaponyedwere agalu.

Poti mtima sungakhazikike ndi mawu anga okha, yesani pa ulendo ukubwerawu. Anapiye akafika apatseni madzi oyera a shuga pang'ono maola oyamba, kenaka mavitamini opanda antibayotiki, katemera pa nthawi yake, ndipo mulembe m'kope imfa iliyonse ndi tsiku lake. Pa mabroila osamalidwa bwino, kutaya 5 pa 100 kapena kucheperapo pa ulendo wonse ndi chinthu chimene alimi amayembekeza, choncho kamwanapiye kamodzi kakafa musathamangire paketi. Pamapeto muyerekeze ndi maulendo apitawo, kuphatikizapo ndalama imene simunagulire mankhwala.

Za mwanayo, pali zinthu zimene mungayambe madzulo ano. Pakhomo pa khola pakhale patapata kapena majombo a m'khola mokha, ndi chigubu cha madzi ndi sopo, kuti musagwire mwana kapena chakudya musanasambe m'manja. Beseni la zomwera nkhuku lisiyane ndi la mbale. Mwana asalowe m'khola, ngakhale amakonda kuona anapiye, ndipo malo ake osewerera asesedwe zitosi. Zitosi zochoka m'khola ziunjikidwe patali ndi chitsime, zifunditsidwe, ziwole miyezi ingapo zisanapite kudimba, chifukwa kutentha kwa mulu wowola kumapha tizilombo tambiri. Akadzatsekulanso m'mimba, yambani ndi Thanzi, pitirizani kumudyetsa, ndipo mupite naye kuchipatala osadutsira pa okala. Mukakafika muwauze adokotala zinthu ziwiri: mankhwala onse amene wamwa m'miyezi yapitayi, ndiponso kuti pakhomo mumaweta nkhuku, mutatchula maina a mankhwala amene zinkamwa. Ngati mapaketi akale alipo, atengeni mukawaonetse.